Mapichesi a Mfumu Yongzheng

Sabata ino tiyeni tisuzumire m'kabati. Mukaona mbale yadothi yojambulidwa zipatso, mumangoti n'zokongoletsa basi, eti? Ku China wakale sizinali choncho. Chipatso chilichonse chinali ndi mawu ake.

Mukudziwa kuti ife tili ndi mtengo wa m'nkhalango komanso mtengo wa pamsika. Chitchaina chili ndi mawu ambirimbiri omveka mofanana chotere, ndipo amisiri a ku Jingdezhen, mzinda womwe unkawotcha mbale za mafumu, ankasewera nawo.

Tengani zipatso zitatu zomwe ankazitcha sanduo, kutanthauza zochuluka zitatu. Choyamba ndi khangaza, lija ena timati chimanga chachizungu. Ankalijambula litang'ambika, njere zili poyera, chifukwa liwu loti zi limatanthauza njere komanso mwana. Kupatsa mkwatibwi mbale yotere kunali kumuuza kuti mbumba ikule. Chachiwiri ndi ndimu yokhala ngati zala, yotchedwa foshou, dzanja la Buddha. Dzinali limamveka pafupi ndi fu, madalitso, ndi shou, moyo wautali. Chachitatu ndi pichesi. Nthano zawo zimati m'munda wa mulungu wamkazi Xiwangmu mapichesi amapsa kamodzi pa zaka 3,000, ndipo wowadya saona manda.

Mu ulamuliro wa mfumu Yongzheng, 1723 mpaka 1735, anapanga mbale zina zomwe mbiri yake siinazilale mpaka lero. Nthambi imayambira kunsi kwa mbale n'kukwera mkombero mpaka kulowa mkati, itanyamula mapichesi 8, ndipo pambali pakuuluka mileme 5. Musadabwe, mleme nawonso ndi fu. Isanuyo ikuimira moyo wautali, chuma, thanzi, kukonda khalidwe labwino ndi imfa yamtendere paukalamba.

Ndiye taonani chomwe munthu wolamulira China yense ankapempha: ana, masiku ambiri ndi kufa bwino. N'zomwezija agogo anu amakufunirani mukamatsanzika kumudzi.

Koma imfa siiwerenga mbale. Yongzheng anamwalira mu 1735 ali ndi zaka 56 zokha. Moyo wautali unapita kwa mbalezo, zomwe zatsala pang'ono kukwanitsa zaka 300 mapichesi ake akadali ofiira.

Nanga inu, akanati mujambule chipatso chimodzi pambale ya mwana wanu, mukanasankha chiti?