Magalimoto Amagetsi ndi Dzanja la Boma

Munthu wofuna kumvetsa malonda a magalimoto amagetsi, amene lero agwedeza mafakitale a ku Germany ndi kukweza a ku China monga BYD, ayambe wasiyanitsa magalimotowo, pakuti si onse otchedwa amagetsi amene anatsazikana nawo mafuta. Ilipo hybrid, monga Toyota Prius yoyambirira, yokhala ndi injini ya petulo pamodzi ndi kabatire kodzitchaja kokha poyenda. Ilipo plug-in hybrid, imene batire lake ndi lokulirapo ndipo amalitchaja pa soketi, chikhalirecho thanki ikadalipo. Ndipo ilipo ya batire lokhalokha, yopanda thanki ngakhale paipi ya utsi. Ukulu wa batire amauyeza mu kWh, mayunitsi omwewa amene timagulira magetsi a m'nyumba, ndipo ndiwo unena kutalika kwa ulendo munthu asanatchajenso. Mayinawa sali a amakaniko okha ayi, popeza boma limatsata omwewa pogawa thandizo: mu 2023 Germany inaleka kuthandiza ogula plug-in hybrid, galimoto imene mwini wake akachita ulesi kutchaja imangomwa petulo monga zinzake.

Thandizolo lili ndi njira zitatu, ndipo olakwa ndi iwo amene amaziphatikiza. Yoyamba ndiyo sabuside, pamene boma limalipirako gawo la mtengo, monga tidziwira ndi makuponi a fetereza. Ubwino wake ngwoonekera, koma moyo wake uli m'thumba la boma, ndipo thumbalo likaphwa, sabuside imafa osadwala. Mu December 2023, khoti litasokoneza bajeti ya Germany, boma linatseka thandizoli m'masiku owerengeka, ogula ena atasaina kale mapepala, ndipo chaka chotsatira malonda a magalimoto a batire anatsika ndi gawo loposa limodzi mwa magawo anayi.

Yachiwiri ndiyo kuchotsera munthu msonkho wa pa zopeza zake. Ku United States ankachotsera mpaka madola 7,500, koma kwa zaka zambiri wogula ankayamba walipira mtengo wonse ndi kudikira nyengo ya misonkho, kotero kuti wopeza zochepa, amene msonkho wake sunkafika pamenepo, ankalandira moperewera, pamene wolemera ankatuta zonse. Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Nchifukwa chake mu 2024 analola kuti ndalamayo izichotsedwa pomwepo kwa wogulitsa, ngakhale dongosolo lonselo linadzatha mu September 2025.

Yachitatu, imene kwa ine iposa zinzake, ndiyo yakuti boma lingobweza dzanja osatolera msonkho pa galimotoyo. Norway inatero kuyambira 1990 ndi msonkho wogulira galimoto, mu 2001 nichotsanso VAT, niwonjezera kuloleza magalimotowa m'njira za mabasi; ndipo popeza galimoto ya petulo inasenzabe misonkho yake yolemera, ya batire inasanduka yotchipa popanda wina kulandira khobiri m'manja. Mu 2024, pa magalimoto atsopano 100 alionse ogulidwa kumeneko, pafupifupi 89 anali a batire lokhalokha. Tisaiwale komabe kuti dziko limeneli limagulitsa mafuta kunja, magetsi ake likutenga m'madzi, ndiponso kuti nalonso linayamba kubwezeretsa msonkho: mu 2023, gawo la mtengo lopitirira makrone 500,000 linayamba kulipiridwa VAT.