Mphuno ya Pinocchio

Sendererani kuno adzukulu anga. Magalasi aja amavala anthu olowa pansi pa madzi, mukadzawaonanso muwayang'anitsitse. Pakati pake pali kathumba ka labala kolowetsamo mphuno. Kathumbako kwawo n'ku Genoa, doko lalikulu la ku Italy.

Kumeneko kunali anyamata awiri apachibale, Egidio ndi Nanni Cressi, okonda kulasa nsomba pansi pa nyanja. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 anayamba kudzipangira okha magalasi pamanja, chifukwa munthu ukatsegula maso m'madzi umangoona chimbuuzi. Anzawo ataona, nawonso anafuna. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, mu 1946, abalewa anatsegula kampani ya dzina lawo. Mu 1949 Ludovico Mares anayambitsa yake ku Rapallo, m'gombe lomwelo.

Magalasi akalewo anali ngati mbale: galasi limodzi lozungulira, labala m'mbali, maso ndi mphuno zonse m'kati. Kuona ankaona bwino, koma vuto linali makutu. Mukatsika mamita 10 okha, mphamvu yokupanikizani imawirikiza kawiri poyerekeza ndi pamtunda, ndipo makutu amalasa ngati mwalowa minga. Mankhwala ake ndi kutsina mphuno n'kupemerera mpweya pang'ono kuti ukafike m'makutu. Nanga mphuno ili kuseri kwa galasi uitsina bwanji?

Apa ndi pamene panalowa Luigi Ferraro. Ameneyu madzi ankawadziwa. Mu 1943, pa nthawi ya nkhondo, ankasambira yekha usiku m'madoko a Alexandretta ndi Mersin ku Turkey, n'kumamangirira mabomba kunsi kwa zombo zonyamula katundu wa adani a dziko lake. Mtendere utabwera anapita kukagwira ntchito ndi a Cressi, ndipo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950 anachepetsa galasi n'kuitulutsira mphuno panja, m'kathumba kofewa koti zala ziwiri zigwire. Atavala, mphuno inaoneka yaitali, choncho magalasiwo anawatcha Pinocchio, dzina la chidole chamtengo cha m'nthano ya Carlo Collodi chimene mphuno yake inkakula chikanama. Ferraro yemweyo ndiye anakonzanso zipsepse za kumapazi zotchedwa Rondine, kutanthauza namzeze, ndipo mu 1962 anayambitsa kampani yake, Technisub.

Musaganize kuti nyanja inkangowasekerera. Wosambira wina, Dario Gonzatti, anafera pansi pa madzi mu 1947, ndipo mnzake Duilio Marcante ndiye anaganiza zomiza chifanizo cha Khristu ku San Fruttuoso, m'gombe lomwelo, kuti chikhale chikumbutso; chinamizidwa mu 1954. Chikadali pomwepo, manja atakwezedwa kumwamba.

Labala wakuda uja ankauma n'kung'aluka ndi dzuwa, ndiye pambuyo pake anthu anasinthira ku silikoni. Mitundu inasintha, magalasi anasintha, koma kathumba ka Ferraro palibe anakachotsa. Tsiku lina mukadzavala anu, makutu akadzayamba kulasa, tsinani mphuno, mupemerere pang'onopang'ono. Osakakamiza.