Madzi a m'nyanja ku Dubai: amawayeza bwanji, nanga n'chifukwa chiyani?

Ambiri a ife tinakulira pafupi ndi nyanja ya Malawi, ndipo timaweruza madzi ndi maso basi. Koma abale anga, madzi oyera mbee akhoza kukhala ndi matenda. N'chifukwa chake madzi a m'magombe a Dubai amayezedwa.

Nyanja ya Gulf ndi yosaya, yotentha komanso yamchere kwambiri. Madzi ake amalowa ndi kutuluka pa kampata ka Hormuz, choncho zonyansa zikagweramo sizichoka msanga. Komanso madzi ambiri amene timamwa kuno amachokera m'nyanja yomweyi, atachotsedwa mchere ku Jebel Ali.

Zimene amayeza m'madzi

Akatswiri amatunga madzi m'mabotolo n'kupita nawo ku labotale. Kumeneko amafufuza mabakiteriya a E. coli ndi enterococci, omwe amakhala m'matumbo a anthu ndi nyama. Akachuluka, ndiye kuti zam'chimbudzi zalowa m'nyanja. Amayezanso okosijeni, mafuta a sitima ndi ndere.

Zimene amayeza m'matope

Madzi amasintha tsiku ndi tsiku, koma matope a pansi amasunga zonyansa kwa zaka. Amawafukula ndi kachipangizo kolendewera pa boti, makamaka m'madoko ndi malo amene madzi sayenda kwambiri ngati Dubai Creek. Amayang'anamo mtovu, kopa, mekyule ndi cadmium. Zimenezi zimalowa m'nkhono ndi m'nsomba, kenako mwa munthu wodya.

Zinachitikapo

Mu 2008 magalimoto opopa zimbudzi ankakhala pamzere kwa maola ambiri ku Al Aweer, komwe amatsukira madzi oipa. Madalaivala ena anayamba kukhuthulira zonyansazo m'ngalande za madzi a mvula, ndipo zinakatulukira kugombe la Jumeirah. Mbali ina ya gombelo inatsekedwa. Mu 2009 anatsegula malo ena otsukira ku Jebel Ali, vuto n'kuchepa. Mu 2008 ndi 2009 momwemo, ndere zofiira zinapha nsomba zambiri kudera la Fujairah ndipo zinasokoneza makina ochotsa mchere.

Zoti mukumbukire

Mabakiteriya amatenga pafupifupi tsiku lathunthu kuti amere mu labotale. Ndiye zotsatira za lero zikunena za madzi a dzulo. Ikagwa mvula yamphamvu, ngati ija ya pa 16 April 2024, dikirani masiku awiri kapena atatu musanasambe m'nyanja. Mverani zikwangwani ndi mbendera yofiira. Osalowa ndi chilonda, osasamba pafupi ndi paipi yotulutsa madzi, ndipo ana asamwe madziwo. Mukatuluka, tsukani thupi ndi madzi a pampopi.

Mukayamba kutsegula m'mimba, kusanza, zidzolo, kapena kupweteka khutu ndi maso, pitani kuchipatala ndipo muwauze adokotala kuti munasamba kugombe liti. Mukaona mafuta, nsomba zakufa kapena madzi onunkha, dziwitsani a Dubai Municipality. Mukatero mwateteza ndi ana a anzanu omwe.