Pangano la ku Dongola

Tiyeni tikumbutsaneko nkhani yomwe sitiimva kawirikawiri ku madrasa.

Kumwera kwa Egypt, m'mbali mwa mtsinje wa Nile, kudali dziko la Nubia, komwe lero ndi kumpoto kwa Sudan. Anthu ake adali akuda ngati ife tomwe, ndipo adali Akhristu. Ufumu wawo unkatchedwa Makuria, likulu lake Dongola. Asilamu atalowa mu Egypt, adatumiza asilikali kumeneko m'chaka cha 642, koma adabwerako ambiri ali akhungu. Anubi ankalasa mivi m'maso enieniwo, osaphonya!

Mu 652, nthawi ya Khalifa Uthman (Allah asangalale naye), Abdullah ibn Sa'd adazinga mzinda wa Dongola koma sadaugonjetse. Apo m'pamene iye ndi mfumu Qalidurut adapangana pangano lotchedwa Baqt, lomwe lidakhala zaka pafupifupi 600.

Mfundo imodzi ya panganoli ife a kuno ku Mpingu iyenera kutikhudza, ife amene mizikiti yathu yazunguliridwa ndi matchalitchi. Malinga ndi wolemba mbiri al-Maqrizi, Akhristu a ku Dongola adalonjeza kusamala mzikiti womwe Asilamu adamanga kumeneko: kuusesa, kuyatsamo nyale, ndi kusaletsa munthu kuswaliramo. Tangoganizani, Mkhristu kugwira tsache mu mzikiti!

Koma tisabise mawu. Pangano lomwelo linkati Anubi azipereka akapolo 360 chaka chilichonse, iwo n'kumalandira tirigu ndi nsalu. Anthu 360 amenewo adali ana a eni ake. Ife amene tikudziwa zomwe zinkachitika ku Nkhotakota nthawi ya a Jumbe sitingawerenge nambala imeneyi mtima uli m'malo.

Ngongole ya akapoloyo itachuluka, mfumu Zakaria sidatenge mauta. Idatuma mwana wake Georgios ulendo wautali wa ku Iraq kukaonana ndi Khalifa al-Mu'tasim mu 836. Ngongole idakhululukidwa, ndipo adagwirizana kuti azipereka kamodzi pa zaka zitatu.

Chisilamu chidalowa mu Nubia pang'onopang'ono, makamaka kudzera mwa amalonda ndi maukwati, ngakhale nkhondo za Amamluk nazo zidafooketsa ufumuwo. Mu 1317 nyumba yachifumu ya ku Dongola idasandutsidwa mzikiti, ndipo makoma ake akadalipo mpaka lero.