"Ndawina tenda" inki isanagwe papepala

Mphwanga wina amene ali ndi kakampani ka zomangamanga anandiimbira foni m'mamawa, mawu akuchita kunjenjemera. "Achimwene, ndawina tenda! Dzina langa latuluka m'nyuzipepala." Pofika madzulo anali atatenga kale katapila, matumba a simenti ataunjika pakhonde. Nditaiwerenga nyuzipepalayo mtima unangoti myuu. Chidziwitsocho sichinanene kuti khonsolo yamupatsa ntchito. Chinati khonsolo ili ndi cholinga chomupatsa ntchito. Kampani ina inadandaula, ndondomeko inayambiranso, ndipo simenti ija inaumira pakhonde pomwepo.

Sindimudzudzula yekha. Iye anangolankhula monga momwe atizolowezera a pa wailesi ndi olemba nkhani, amene amati "boma lapereka kontrakiti" pamene boma langonena kuti likufuna kupereka. "Lapereka" ndi "likufuna kupereka" n'zotalikirana ngati kufunsira mbeta ndi chinkhoswe. Mnyamata amene wangomva kuti "ndakulola" sayamba kulamula pakhomo pa apongozi ankhoswe asanakhale pansi.

Lamulo la kagulidwe ndi kagulitsidwe ka katundu wa boma la 2017, limene linakhazikitsa bungwe la PPDA m'malo mwa ofesi ya ODPP ya m'lamulo la 2003, linaika mpata umenewu dala. Linati pa ntchito za ndalama zambiri, nthambi ya boma iyambe yalengeza m'nyuzipepala amene ikufuna kum'patsa ntchito, kenako idikire masiku 14 isanasainirane naye. Masikuwo anali a amene agonja, kuti ngati akuona kuti panali chinyengo akadandaule. Tikathamangira kunena kuti "wawina", timatseka pakamwa anthu amene lamulo linawatsegulira, chifukwa wogonja amangoti nkhani yatha, n'kubwerera kwawo.

Mawu oyenera tili nawo, sitikusowa. Boma limaitanitsa. Amalonda amapereka mitengo yawo. Komiti imaunika n'kusankha. Pomaliza mbali ziwirizi zimapangana.

Ndipo apa ndi pamene ndili ndi dandaulo lalikulu. Mawu akuti "mgwirizano" tawasenzetsa katundu woposa msinkhu wake. Zipani zikayendera limodzi pachisankho, mgwirizano. Amayi a pamudzi akasonkherana ndalama, mgwirizano. Kampani ikasainira msewu wa mabiliyoni, mgwirizanonso. Komatu mgwirizano ndi kumvana, ndipo kumvana kukatha anthu amangosiyana, aliyense njira yake. Chimene chimamanga munthu mpaka kukafika naye kukhoti ndi pangano. Amene anamasulira Baibulo anadziwa kulemera kwa mawuwa, n'chifukwa chake timati Chipangano Chakale ndi Chipangano Chatsopano. Pangano limaswedwa, ndipo woswayo amalipira. Ofuna kunena kuti kontrakiti anene, mawuwa anakhazikika pakamwa pa amisiri ndipo sindilimbana nawo. Koma tikafuna Chichewa, tinene pangano.

Kumbali yogulitsa kulinso mbuna. Lamulo lija linali ndi mawu a Chingerezi akuti disposal, ndipo womasulira waulesi amangolemba kuti "kutaya katundu wa boma". Kutaya? Timataya zinyalala kudzala. Galimoto yakale ya unduna ili ndi mtengo wake, ndipo inagulidwa ndi msonkho wa mayi wogulitsa tomato ku Lizulu. Ukaitchula chotayidwa, wogwira ntchito m'boma amene waigula pamtengo wa nkhuku sadzimvanso kuti waba, amati watola. Tinene chimene chikuchitika: kugulitsa pa okushoni, kusamutsira ku nthambi ina ya boma, kapena kuwononga ngati chinthucho chatheratu. Pa okushoni, nyundo isanagwe wotchula mtengo akhoza kubweza mawu ake. Ikagwa, malonda atheka.

Inu akonzi a nkhani, inu omasulira zidziwitso za m'makhonsolo, musanalembe kuti "lapereka" funsani kaye ngati anthuwo asainirana. Ngati sanasainirane, lembani kuti "likufuna kupereka", ndipo muuze owerenga tsiku limene mpata wodandaula ukutha.