Phala la mwana woyamba kudya

Mwana akakwanitsa miyezi 6, mkaka wa m'mawere wokha sumukwaniranso. Apa ndiye poyambira kumupatsa cakudya cina. Koma musamuletse bere. Apitirize kuyamwa mpaka zaka 2 kapena kupitirira.

Kuno ku Milange cimanga timalima cambiri, cina mpaka cimawoloka malire pa Muloza kupita ku Malawi. Komabe ana ena sakula bwino, ndipo nthawi zambiri vuto limakhala phala lamadzimadzi. Mimba ya mwana ndi yaing'ono. Mukaidzaza ndi phala lotero, mwana amakhuta madzi, osati cakudya.

Yesani cotere: tapani phala pa supuni, kenaka muipendeketse. Ngati likucucuma ngati madzi, silinakwane. Phala labwino limatsalira pa supuni.

Phikani la mgaiwa, osati la ufa woyera. Ndipo lisakhale la ufa ndi shuga basi. Lero thiranimo nsinjiro, mawa dzira, mkuja matemba kapena usipa wosinja bwino. Nyemba ndi nandolo zikapsa, zinyenyeni mpaka zifewe. Masamba a nkhwani kapena kholowa muwadule tating'onoting'ono. Kasupuni kamodzi ka mafuta ophikira kamawonjezera mphamvu. Mbatata yofiira mkati, maungu, papaya ndi mango akupsa zili ndi vitamini A, yothandiza maso ndi kuteteza thupi ku matenda. Mwana akayamba nsima, msuzi wokha ayi, ndiwo yeniyeniyo aidye. Agogo ena amakaniza dzira, koma dzira lopsa bwino silipweteka mwana.

Nanga adye kangati? Wa miyezi 6 mpaka 8 adye kawiri kapena katatu pa tsiku. Yambani ndi masupuni 2 kapena 3, muziwonjezera pang'onopang'ono mpaka theka la kapu. Kuyambira miyezi 9, adye katatu kapena kanayi, ndipo pakatipo mumupatse nthoci kapena peyala. Akhale ndi kambale kakekake, kuti muziona cimene wadyadi. M'mbale ya gulu akuluakulu amamupitirira.

Tiyi, zakumwa za m'mabotolo ndi mabisiketi zimangomutsekera njala. Uci musamupatse asanakwanitse caka cimodzi. Sambani m'manja ndi sopo musanamudyetse, ndipo nayenso mumusambitse.

Akadwala, musamusiye ndi njala. Muyamwitseni pafupipafupi, mumupatse cakudya pang'onopang'ono koma kambirimbiri. Pitani naye kusikelo mutatenga khadi lake. Kumeneko amalandiranso vitamini A miyezi 6 iliyonse. Ngati sikelo yake siikukwera, funsani anamwino tsiku lomwelo, musadikire mwezi wamawa.