Kufufuza zokwawa mumchenga wa Kalahari

Dziko la Zimbabwe lilibe chipululu chenicheni. Akatswiri a zanyengo amati chipululu ndi dera lomwe mvula yake siifika mamilimita 250 pa chaka, pomwe mzinda wa Chitungwiza, kumwera kwa Harare, umalandira pafupifupi mamilimita 800. Komabe mchenga wa Kalahari, womwe unakuta gawo lalikulu la Botswana, unalowerera mpaka kumadzulo kwa Zimbabwe, ndipo mbali yaikulu ya malo osungirako nyama a Hwange ili pamchengawu. Munthu wochokera ku Seke kapena ku Zengeza angathe kuona kumeneko zina mwa zamoyo za m'chipululu asanadumphe malire.

Mlendo wofika masana m'mwezi wa Okutobala amaganiza kuti kulibe kanthu. Zoona zake n'zakuti zamoyozo zilipo koma zabisala. Njoka, abuluzi ndi afulu sadzipangira okha kutentha kwa m'thupi ngati mmene achitira anthu ndi mbalame. Amaothera dzuwa m'mawa kuti apeze mphamvu, koma likafika paliwombo pamwamba pa mchenga pamatentha kupitirira madigiri 60, ndipo chokwawa chomwe chachedwa kulowa kuuna chimafa. Kaamba ka ichi, wofufuza amayenda kukangocha, mapazi a usiku asanafufutike ndi mphepo, n'kutulukanso madzulo ndi tochi. Maso a nalimata amanyezimira akawalitsidwa, ndipo njoka zimakonda kugona pamsewu wa phula chifukwa umasunga kutentha mpaka usiku. Ofufuza a sayansi amakwiriranso zidebe m'nthaka m'mbali mwa kampanda kakafupi kuti tinyama totsata mpandawo tigweremo. Zidebezi n'zofunika kuziyendera m'mawa uliwonse, apo ayi zimasanduka manda.

Zambiri zomwe zikudziwika za zokwawa za m'chigawo chino zinachokera kwa Dr Donald Broadley, yemwe anabadwa mu 1932 ndipo anagwira ntchito kunyumba zosungirako zinthu zachilengedwe ku Mutare ndi ku Bulawayo, n'kumwalira mu 2016. Iye analemba za zokwawa za ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo anadzipereka kwambiri pa gulu lomwe anthu ambiri saliona n'komwe: abuluzi opanda miyendo omwe amakhala pansi pa mchenga moyo wawo wonse. Woziona koyamba amaziyesa nyongolotsi. Zili ndi mutu wolimba ngati khasu wokumbira, maso ake ndi obisika pansi pa khungu, ndipo zimadya chiswe ndi mphutsi. Kawirikawiri zimapezeka mvula yamphamvu ikadzaza mauna ake, kapena alimi ndi okonza misewu akazifukula. Choncho nthawi yabwino yofufuza si pachimake pa chilimwe, koma masabata a mvula yoyamba, mu Novembala ndi Disembala.

Nyama zikuluzikulu sizivuta kupeza. Ku Hwange madzi a m'maiwe ambiri amachita kupopedwa pansi, ntchito yomwe anayamba ndi Ted Davison, mlonda wamkulu woyamba wa malowa atakhazikitsidwa mu 1928, ndipo njovu zimabwera zokha.

Wosatha kufika ku Hwange angaphunzirire kwawo. Matanthwe ozungulira Chitungwiza amatentha ngati chiwaya m'chilimwe, ndipo agulo ndi abuluzi ake amatsata ndondomeko yomweyo ya kuothera ndi kubisala. M'mbali mwa mtsinje wa Manyame mumapezekanso ng'azi. Chosafunika ndicho kukanganula mapale a miyala pofuna kuona zili pansi, poti mng'alu umodzi umatenga zaka zosawerengeka kuti upangike ndipo suikidwanso.

Lamulo la nyama zakutchire la 1975 linaika nsato m'gulu la nyama zotetezedwa mwapadera, ndipo kugwira nyama iliyonse m'malo otetezedwa kumafuna chilolezo cha bungwe la ZimParks. Ngozi yaikulu ndi mphiri, yomwe sithawa ikamva mapazi, koma imangogona phee panjira podalira mawanga ake. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu apakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa chaka chilichonse atalumidwa ndi njoka. Wofufuza avale nsapato zokwera ndi buluku lalitali, asapise dzanja kuuna. Wina akalumidwa, osatema pabalapo, osayamwa ululu, osamanga chingwe. Mwendo kapena mkonowo usagwedezeke, ndipo wodwalayo anyamulidwe kupita kuchipatala msanga.